Mphaka Amene Tinakasiya ku Njuli

Lero mkazi wanga wawiritsa masamba a bulugamu oti afukizire mwana chifuwa, ndipo fungo lake landibwezera kwathu ku Nchema, ndili Sitandade 2.

Chaka chimenecho kamphaka kofiirira kanatulukira m'munda mwathu mwa nandolo, nthiti zili pamtunda. Amayi anakaponyera mitu ya usipa, basi kanakhazikika. Kankagona kumiyendo kwanga, ndipo makoswe anatha m'nkhokwe.

Kenako mlongo wanga wakhanda anayamba kubanika, popuma ankachita kuliza likhweru. Amayi anamufukiza bulugamu koma sizinathandize. Kuchipatala anati ndi mphumu, mphaka achoke pakhomo.

Kawiri konse abambo anakanyamula n'kukakasiya kutsidya kwa mtsinje, koma kankabwerera. Ulendo wachitatu kanawatulukira, kanathawira padenga.

"Kamamvera iwe wekha," anatero abambo, osandiyang'ana. "Kaitane."

Ndinakaitana. Kanatsika mothamanga, mchira uli m'mwamba, n'kudzikhula pamwendo panga. Amene anakalowetsa m'thumba ndine.

Abambo anandikweza panjinga mpaka ku Njuli, thumba lili pamiyendo panga, likufunda. Titafika kuseri kwa chigayo ndinamasula chingwe. Kanatuluka, kananunkhiza fumbi, kenako kanakhala pansi n'kumandiyang'ana.

"Ababa, kazidya chiyani kuno?"

"Pachigayo sipasowa makoswe. Kwera, ndipo usacheuke."

Ndinacheuka. Kanali kakutithamangira pakati pa msewu, kakulira, makutu atagona kumbuyo. Ndinakoka shati ya abambo kuti aime, koma iwo anangowerama n'kupalasa mwamphamvu, njinga ikuyamba kutsetsereka.