Gemu imene Saidi anaisiya pakati

Salaam aleikum nonse.

Lero ndinapita pa Boma ndi laputopu ya mwana wanga, malemu Saidi. Arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija, itatha tinagwirizana kuti aitenge mlongo wake Amina popita ku koleji. Wokonza makompyuta wati yadzaza mavairasi, ndiye afufuta zonse Lachisanu.

Asanaizimitse anandionetsa gemu yakale yankhondo imene Saidi ankasewera. Munthu umasuntha asilikali ako, kenako mdani amasuntha ake, ngati bawo.

M'gemumo Saidi anamanga mudzi n'kuutcha Kanyenda. Adani aima pa mlatho wolowera m'mudzimo. Ndinafunsa chifukwa chake sakulowa.

"Akudikira mwiniwake, bambo," anatero wokonzayo. "Inali nthawi yake yosuntha."

Miyezi iwiri yonseyi angoima pomwepo. Ndinayamba ndatuluka panja.

Wokonzayo wati pamene Saidi anasiyira akhoza kundisungira pa fulashi. Koma gemuyo Saidi anachita kukopera kwa anzake, ndipo ndi imene inabweretsa mavairasi. Kuti ndidzatsegulenso ndiyenera kugula yeniyeni. Achimwene, akuti kompyuta ya kusitolo kwanu ija ingakwanitse.

Ndinamufunsa wokonzayo ngati munthu wosadziwa ngati ine angaithe.

"Ilibe changu, bambo, mumaganiza mpaka mutakhutira. Koma zonse ndi Chingerezi, ndipo oyamba kumene amaluza kwambiri."

Chingerezi changa mukuchidziwa. Ndikasuntha molakwa, adaniwo awotcha mudzi wa mwana wanga ine ndikuona. Ndikapanda kugula, sindidzauonanso.

Amayi ake sindinawauze. Inu mukuti bwanji, ndigule?