Maliro a Atsibweni Amoyo

Ndili Fomu 3 ku Misuku, ndinajomba sabata yathunthu kukathyola khofi m'munda wa atsibweni anga. Nditabwerera, aphunzitsi a masamu, bambo wa ku Thyolo, anandifunsa komwe ndinali. Poopa chibalo ndinati, "Atsibweni atisiya, sala."

Sanandikalipire. Anandibwereka kope lawo kuti ndikopere zomwe zinandidutsa.

Loweruka ndinawaona akukwera phiri wapansi, thukuta lili kamukamu, atanyamula paketi ya shuga yodzapepesera. Amene anawalandira pakhomo anali atsibweni omwewo, dengu la khofi lili m'manja.

"Pepani chomene," anatero aphunzitsi m'Chitumbuka chophunzirira ukulu. "Ndamva za atsibweni a mwanayu."

"Atsibweni akewo ndine," anayankha.

Ine, mnyamata ndevu zitayamba kale kumera, ndinabisala m'nthochi mpaka aphunzitsi anapita. Shugayo anasiyabe. Lolemba anangondifunsa ngati ndamaliza kukopera.

Chaka chotsatira atsibweni anamwaliradi. Pakamwa panandilemera kukapempha chilolezo, ndiye ndinachoka kusukulu mozemba. Nditafika pasiwa, ndinapeza aphunzitsi aja atakhala kale pakati pa azibambo. Anandisunthira malo. Mpaka lero sindinawapepese.