Dothi la pa Mpira wa Agogo

Ndili kunja kwa dziko lathu, mumzinda wa Silver Spring, ndinkasamalira agogo ena aamuna achizungu. Pashelefu pawo panali mpira wachikopa wosongoka uku ndi uku, wakuda bii ndi litsiro. Tsiku lililonse nkhani inali imodzimodzi: timu ya bambo awo kukoleji inatha chaka chonse osagonja, kalekale osewera akuvala zipewa zachikopa. Ine ndinkangoti "eya", miyendo ikuwawa.

Tsiku lina litsirolo linandikwana. Kwathu chinthu chotere sichikhala pabalaza alendo akuona. Ndinaukwecha ndi sopo, n'kuupaka polishi mpaka kunyezimira.

Agogowo anauyang'ana nthawi yaitali. "Linali dothi la masewera omaliza a timu ya bambo anga," anatero.

Sanandikalipire. Koma nkhani ija sanainenenso, ndipo ine amene ndinkatopa nayo ndinayamba kuidikira.