Mendulo ya a Dresa

Ku Chikale ndi ochepa amene ankakumbuka kuti dzina lawo ndi a Yoram Manda. Tonse tinkangoti a Dresa, kutanthauza womanga mabala. Ali mnyamata anapita ku nkhondo ya Azungu ku Bama, koma mfuti sanaigwire kwenikweni. Ntchito yawo inali kukwawa ndi chikwama cha mabandeji kukatola ovulala. Anabwerako ndi mendulo imodzi yokhala ndi mutu wa mfumu ya ku Mangalande, chifukwa chobereka msilikali wothyoka mwendo zipolopolo zikuvumba. Anabwerakonso ndi khalidwe lotopetsa anzawo: akaona magazi sankafunsa kuti ndi a yani.

Ine ndinali woyandikana nawo nyumba, wogulitsa usipa mumsika, choncho zawo sindichita kumva. Msodzi mbedza ikamulowa m'chala, mwana akaponda botolo, ulendo unali wa kwa a Dresa. Akazi awo, a Dainess, zitenje zawo zinatha ndi kung'ambidwa, ndipo ankadandaula kuti anakwatiwa ndi chipatala.

Chaka china m'ma 1970, anyamata a chipani anamenya Anock, wogulitsa chinangwa, pakhomo la msika chifukwa analibe khadi la chipanicho. Anamusiya atang'ambika pamphumi. Tonse tinaweramira malonda athu, pakuti masiku amenewo ngakhale maso ankapalamula. Koma a Dresa, amene anangobwera kudzagula mchere, anagwada pomwepo n'kumanga balalo ndi mpango wawo, anyamata aja akuyang'ana.

Tsiku lomwelo uthenga unafika: Loweruka akaonekere kwa a Reuben, tcheyamani wa nthambi ya chipani.

"Ada, mwatipha!" anatero a Dainess. "Munthu wopanda khadi mumugwiriranji?"

"Ama, dresa safunsa dzina. Amafunsa pamene pakupweteka."

Anayankha molimba, koma ine ndinawaona akutuluka panja galimoto iliyonse ikamveka kumsewu. Tinkadziwa anthu oitanidwa chotero amene anakwezedwa galimoto osabwereranso. A Dainess chakudya chinawakanika. Inenso mantha anandigwira, mpaka ndinaleka kukabwereka sefa kwawo masana.

Loweruka a Dresa anasita jekete lawo, n'kupukuta mendulo ija ndi phulusa. Ankakhulupirira kuti ikawalankhulira, kuti anthu akaona kuti si munthu wamba. Anaikoloweka kumanzere, pamwamba pa thumba, monga anaphunzirira ku usilikali. Baji ya chipani, ija ya nkhope ya Mtsogoleri, anaiika pa thumba penipeni. Palibe anaona cholakwika kufikira ataimirira pamaso pa anthu, pansi pa mtengo wa mango.

A Reuben anawayang'ana pachifuwa nthawi yaitali.

"Ada Manda, Mzungu uyu mwamukweza pamwamba pa yani?"

A Dainess anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. Kumsewu kunaima galimoto, injini ikulira, ndipo aliyense ankayesetsa kuti asacheukireko. Mlandu wa Anock unali waung'ono tsopano. Uwu unali wonyoza, ndipo wonyoza sankagona kwawo.

A Dresa anaweramitsa mutu n'kudzionera okha. Manja aja amene ankasoka munthu osagwedezeka anakanika kumasula mendulo ija. Polimbana ndi phini anadzibaya chala, magazi n'kudonthera pajekete. Anapereka menduloyo ndi manja awiri, atawerama ngati mwana wolandira mphatso.

"Ndi ukalamba, bwana. Chitsulo chabe ichi."

A Reuben anaitembenuzatembenuza, n'kuiponya m'thumba la thalauzi. "Pitani. Koma tikukuonani."

"Yewu, ada, yewu," anathokoza a Dainess, atagwada m'fumbi.

Panjira anang'amba nsonga ya chitenje, osadandaula ulendo uno, n'kumanga chala cha amuna awo. Tinathokoza Mulungu kuti agona kwawo, ndipo ine ndinayesa kuti chotayika ndi chitsulo chokha.

Patapita milungu ingapo, mnyamata wina wonyamula katundu kudoko anadzitema ndi chikwanje pafupi ndi benchi langa. Magazi anali ponseponse. Mwamwayi a Dresa ankadutsa, ndipo anthu anapatuka kuwapatsa njira monga mwa nthawi zonse. Iwo anaima chapatali, dzanja lili kale pa mpango m'thumba. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anandinong'oneza:

"Ama, khadi ali nalo?"