Sikelo ya Mlamu ndi Chala cha a Khumikhumi

Kuseri kwa sitolo yogulitsa ulusi, zipi ndi mabatani kuli kachipinda kopanda zenera. M'menemo ndi momwe a Khumikhumi anawerengera mabatani zaka makumi awiri ndi zisanu. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo ankachita kulikumbukira. Ntchito inali imodzi basi: kukhuthula katoni patebulo, kukankha mabatani ndi chala, khumi apa, khumi apo, milu ikakwana khumi n'kuthira m'kapulasitiki. Atelala onse ankagula pomwepo, ati mabatani a pano ndi odala.

Mwini sitolo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, munthu woti akaona makina mtima sukhala m'malo. Tsiku lina anatulukira atafungatira sikelo yowerengera zinthu.

"Alamu, maso anu atopa. Kanthu aka kakagwira bwino ntchito, inu muzikapuma kunyumba."

A Khumikhumi anaona mdima masanasana. Kupuma kwake kuti? Kunyumbako akazi awo anali atawasungira ntchito za zaka zonsezo: denga lodontha, chitseko cha kubafa, mpanda wogwa. Komanso munthu ukachoka pampando wako, umatchedwa ndani?

Koma chinyengo analibe. Anatsata zonse monga anauzidwira: kuika beseni lopanda kanthu, kudina kuti manambala abwerere pa ziro, kuwerenga mabatani khumi pamanja, kuwaponya m'beseni, n'kuiuza sikelo kuti amenewa ndi khumi. Ikangodziwa kulemera kwa batani limodzi, otsalawo imawerenga yokha. Anakhuthuliramo katoni yolembedwa 1,000. Sikelo inati 909.

Anazimitsa fani, poti mphepo imasokoneza. 909. Anapinda kapepala n'kuchirikiza mwendo wotsimphina wa tebulo mpaka sikelo inakhala mowongoka. 909. Anasintha mabatire, anapukuta fumbi, mlamu mpaka anaimenya kakhofi kumbali. Sinasinthe mawu. Mlamu anaimbira foni a kufakitale n'kuwalalatira kuti akutumiza katundu wosakwana, kenako anaitanitsa makaniko amene anamugulitsa sikeloyo. A Khumikhumi nkhope inali ya pamaliro, koma mumtima ankavina.

Makaniko anaikapo chitsulo chake choyesera, sikelo inayankha ndendende. Anakanda m'mutu.

"Bambo, tawerenganinso khumi aja ndione."

A Khumikhumi anawerenga mokweza mpaka khumi. Pakamwa patatseka, chala chinakankha limodzi lina, chokha, mosafunsa mwini wake.

"Nanga ilo?" anafunsa makaniko.

"Liti?"

"Lomalizalo."

A Khumikhumi anamuyang'ana ngati wafunsa chifukwa chake malaya amakhala ndi kolala. "Ilo si lowerenga ayi, ndi logwa. Telala aliyense, pa mabatani khumi, limodzi limagubuduzika kukalowa kunsi kwa makina. Mukufuna munthu wamkulu azikwawa pansi ndi tsache?"

"Alamu," anatero mwini sitolo ndi mawu osasa, "zimenezi munayamba liti?"

"Nthawi ya malemu apongozi."

Mlamu anafunafuna pokhala, n'kukhalira katoni ya zipi. Makaniko anawerenga khumi lenileni, naiuzanso sikelo, ndipo inati 1,000. Lachisanu a Khumikhumi anawapumitsa ntchito, n'kuwapatsa ambulera ndi mawu othokoza. Lolemba anali padenga.

Sipanathe masabata atatu. Anayamba ndi mayi wina wosoka mayunifolomu, amene anafika atakwinya nkhope n'kuponya malaya awiri pakauntala.

"Sikelo yanuyi ndi yakuba. Paketi imodzi inkandimalizira malaya onse, lero awiri awa atsala yasa."

Mlamu anatsegula paketi ina n'kuwawerengera pamaso pawo, limodzilimodzi. Handiredi ndendende.

"Ndiye handiredi yanuyo yachepa," anatero mayiwo, n'kuwoloka msewu kukagula kwina. Mawa lake anabwera wina ndi dandaulo lomwelo, mkuja awiri. Mlamu ankawina mkangano uliwonse, sitolo n'kumangozizira.

Loweruka mlamu anawapeza a Khumikhumi kwawo ali pamakwerero, misomali kukamwa, chala chodziwika chija chitatupa ndi hamala. Anawamvera chisoni, koma chisoni chachikulu anali kudzimvera yekha.

"Alamu, sikelo ija ikufunika mphunzitsi m'mawa uliwonse."

A Khumikhumi analavulira misomali m'dzanja. "Ndiziiphunzitsa khumi la ndani? Langa kapena la makaniko?"

Mlamu anayankha akuyang'ana nsapato zake. "Ine nthawi imeneyo ndizikhala ndili kutsogolo, ndikusesa pakhomo."

A Khumikhumi anatsika makwererowo modumpha masitepe, lata n'kulisiya lili pendapenda, akazi awo akukuwa kukhitchini kuti mvula ili pafupi.