Singano Yotsiriza ya Galamafoni

Malemu amuna anga anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: magalamafoni. Zaka zija ufa unkasowa, ife tikulawirira kukaima pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, iwo n'kuti akuzungulira m'mayadi mwa azungu amene ankalongedza kubwerera kwawo. Amuna a anzanga ankabwerako ndi mabulangete ndi mapoto. Anga ankabwera atasenza chibokosi chopukusa ndi dzanja, chokhala ndi chilipenga ngati duwa la dzungu, thukuta lili kamukamu, mano onse pamtunda.

Kanyumba kathu ka ku Chawama kanali ka zipinda ziwiri, koma magalamafoni munali atatu. Malekodi anawapachika kukhoma, msomali pakabowo ka pakati, kuyambira pachitseko mpaka pawindo. Ine yanga inali kuluka tinsalu toyala pamwamba ndi kupukuta fumbi.

"Imwe, tizadya ivi?" ndinkawafunsa.

"Nyumba ni maonekedwe, amake mwana. Njala siioneka pa khoma."

Chondiwawa n'chakuti zinthuzi sizinkalira n'komwe. Singano ya galamafoni siichedwa kubuntha, ndipo m'masitolo zinali zitasowa ngati shuga. Iwo anali ndi imodzi yokha yatsopano m'kachitini. Analumbira kuti idzagwira ntchito tsiku limene anthu adzabwere kudzafunsira mwana wathu woyamba. Lekodi ya tsikulo anali atasankhiratu, ya chizindikiro chagolide pakati. Mawu ake anali a chizungu china, osati Chingerezi, ndiye panalibe wodziwa zili m'katimo. Iwo ankangoti chinthu chokongola chotere sichinganame.

Tsikulo linafikadi. Mnyamatayo anali Mubemba wa ku Matero, ndipo mwana wanga ankamukonda kufa. M'mawa wa tsikulo mwana wangayo anandigwira mkono kukhitchini.

"Amama, muwauze atate asachite va galamafoni. Napapata."

Ndinawauza. Kunali kuthira madzi pamsana pa bakha.

Alendo analowa. Wowatsogolera anali malume wake wa mnyamatayo, bambo wamtali wosaseka, amene anali atangochotsedwa ntchito kufakitale, suti yake ikuchita kunyezimira ndi kusita. Pambali pake panali azakhali a mnyamatayo, chimayi chogulitsa tinsomba ta kapenta pamsika. Mwana wanga anali kuchipinda, kuseri kwa katani, khutu lili tcheru.

Amalumewo anaika pansi timbale tiwiri tovundikirana, monga amachitira kwawo pofunsira mbeta. Anavundukula pang'onopang'ono, nkhope ili pansi.

"Vinthu vavuta, mudziwa mweka. Tabwera na vochepa. Musatiseke."

Apo m'pamene amuna anga anaona kuti nthawi yolemekeza alendo yakwana. Anadzuka, n'kupukusa chogwirira chija, n'kutsitsa singano.

Kunamveka kaye shiii, ngati mvula pamalata. Kenaka mzungu anayamba kuseka.

Kuseka basi! Popanda ng'oma, popanda gitala. Ho ho ho! Akapuma pang'ono, wayambiranso, hi hi hi, mpaka kutsamwa. Kani azungu akale ankagula lekodi ya munthu wongoseka, ati kusangalatsa alendo. Mayo ine!

"Zimitsani!" ndinanong'ona, ndikuwatsina mwendo.

"Yembekeza," anatero iwo, milomo ili gwa. "Kapena nyimbo ili kutsogolo."

Nyimbo kutsogolo kunalibe. Amalume aja anavundikira timbale tawo n'kuimirira mwaukali.

"Ngati simutifuna, kambani chabe. Osati kuitana muzungu kuti atiseke!"

Kuseri kwa katani ndinamva mwana wanga akusisima. Ndinachita mantha enieni. Ndinaona ukwati wa mwana wanga ukutuluka pakhomo chifukwa cha chibokosi cha bambo ake, ndipo ndikanakhala ndi munsi pafupi, sindikudziwa kuti ndikanayamba ndi galamafoni kapena mwini wake.

Mwayi wake, amuna anga sanapukuse mokwanira, poopa kudula sipuling'i. Amalume asanafike pachitseko, mzungu uja anayamba kufooka. Kuseka kunakoka, mawu n'kunenepa. Hooo... hooo... Kenaka kunangosanduka kubuula, ngati munthu amene wagona ndi njala.

Azakhali aja anamenya m'manja.

"Mwamumva? Nayenso unga wamusilira, alibe va nsima!"

Anaseka mpaka kugwera pakhoma, lekodi imodzi n'kugwa pamsomali. Ine ndinayesa kudzigwira, zinakanika. Amalume anaima chotifulatira, koma mapewa a suti ija anawaulula, akugwedezeka. Anabwerera, n'kukhala pansi, akupukuta misozi.

"Vundukulani mweka," anatero. "Muzungu watiseka kale."

Timbale tinalandiridwa, azakhali n'kululutira mpaka aneba kudzasuzumira pawindo.

Alendo atapita, amuna anga anachotsa singano ija, yobuntha tsopano, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka zonse izi," anatero, "kusungira muzungu kuti akaniseke m'nyumba mwanga."

Sanaitaye. Anaibwezera m'kachitini, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikayambana, mmodzi ankangoti "ho ho ho" mokoka, mkangano n'kuthera pomwepo.

Magalamafoni aja akadalipo, ndipo fumbi ndimapukutabe. Adzukulu akuti singano zikupezeka masiku ano, andigulire ndimvenso mzungu uja. Ndawakaniza. Ndimawasowa amuna anga. Mzunguyo akaseka lero, ndidzatsina mwendo wa ndani?