Nkhope ya Mkazi Wanga Inathera pa Duku

Inu owerenga, ine si munthu wodandaula pagulu. Ndakalamba osapemphapo munthu kuti andimvere chisoni, ndipo sindiyamba lero. Ndikulemba izi chifukwa nkhope ya mkazi wanga inanditayika ndili maso, ndikuganiza kuti ndaisunga kuposa mmene wina aliyense akanaisungira. Mukamva mmene zinayendera, mwina inu zanu sizitayika.

Kwathu ndi ku Chiputo, m'chigawo cha Tete. Sukulu ndinalekeza kwata kalase, kalasi yachinayi, koma kuwerenga ndi kulemba ndimadziwa. Nkhondo itafika m'midzi yathu tinathawira ku Zambia, ine, mkazi wanga ndi amayi ake, apongozi anga. Mwana wathu Rozalina anabadwira ku kampu ya othawa nkhondo. Asanaleke kuyamwa, amake anadwala m'mimba, basi osadzukanso. Tinawaika komweko, m'dothi la eni.

Chimene chinatsala ndi chithunzi chawo chimodzi, chaching'ono, chosadzaza chikhatho cha mwana. Anajambula ndi anthu opanga makhadi a ku kampu, atapachika nsalu yoyera kumbuyo. Tsiku limenelo amake Rozalina anamanga duku loyera la amayi a kutchalitchi. Zithunzizo zinatuluka ziwiri. China chinamatidwa pa khadi, khadiyo inatsala ndi eni kampu. China chinali changa.

Mtendere utabwera tinabwerera. Mudzi tinaupeza uli tchire. Mitengo ya mango ndiyo inatiuza pamene panali nyumba ya yani. Dzinja loyamba tinagona m'msasa wa udzu, mvula ikulowa ngati palibe denga, ndipo chithunzi chija chinayamba kuchita mawanga m'mbali. Rozalina ankapempha kuti awaone amake. Ndinkamuonetsa chili m'manja mwanga, kanthawi kochepa, kenako n'kubisa. Manja a mwana sachedwa kudetsa chinthu.

Patapita zaka, ku Fingoe kunabwera bungwe lina lokumba mijigo. Ndinapezako ganyu yonyamula mapaipi. Mkulu wa ntchitoyo anali mzungu, ndipo anali ndi komputadolo, imene ena amati kompyuta, yolumikizidwa ku kabokosi ka galasi kamene ankajambulira mamapu. Kalaliki wake anali Sinyolo Bento, munthu wanthabwala, wokonda anthu. Tsiku lina anandipeza pa mthunzi ndikupukuta chithunzi chija ndi shati.

"Madala, pepala limaola," anatero. "Bwerani nawo amayiwo tiwaike m'makina."

Ndinakana kaye. Kenako ndinayang'ana mawanga aja, n'kuvomera.

Anachiika pa galasi. Nkhope inatuluka pa komputadolo ya mzungu, yaikulu ngati ya munthu wamoyo. Ndinaona kachipsera ka pachibwano kamene ndinali nditaiwala. Ndinaona maso. Sindinalire. Ndinangopempha mpando.

Bento anandiuza kuti makina a mzunguyo anali amtundu wina, wosiyana ndi makina a m'maofesi a boma, ndipo zimene alemba sizitseguka paliponse. Choncho, pofuna kundithandiza, analumikiza chingwe n'kusamutsira chithunzicho ku makina ake, amtundu wofala. Kuchokera pamenepo anachilemba pa disketi, kambale kapulasitiki kosungira zinthu za mu komputadolo. Anandipatsa akuseka.

"Apa ndiye mwatseka, madala. Chiswe chilibe mano a pulasitiki."

Inu owerenga, imani kaye pamenepa. Nkhope ndinaiona pa makina a mzungu. Pa makina a Bento sindinaione. Zimene zinalowa mu disketi palibe amene anazitsegula kuti aone, Bento ayi, ine ayi. Kuti pali kusiyana pakati pa zimenezi, sindinkadziwa. Panalibenso wondiuza.

Disketi ndinaisamala. Ndinaikulunga m'pulasitiki, n'kuiika m'chitini, chitinicho n'kuchimangirira ku denga, kutali ndi utsi, kutali ndi dzuwa, kutali ndi wailesi, monga Bento anandilangizira. Mwana wanga yemwe sanaikhudzepo.

Kenako apongozi anadwala, matenda a ukalamba. Kwathu mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake. Anatuma mwana wawo wamwamuna, alamu anga a Zakariya, kuti andiitane. Ndinakhala panja pafupi ndi chitseko, iwo ali gone m'kati. Mawu anatuluka pang'onopang'ono.

"Mwana wanga wagona kwa eni. Mafupa ake sitingawatenge. Ndikapita, mundiikire chithunzi chake pachifuwa, abwere kwawo, agone ndi amake."

A Zakariya anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Alamu, inu muli nacho china m'kambale kanu kaja. Apatseni amayi ichi."

Ndikanakana bwanji? Mkazi ndinakwatira ine, koma mwana ndi wa mbumba yawo. Ine ndi mkamwini. Komanso mumtima ndinkati sindikutaya kanthu, nkhope ili ku denga, yaikulu, yopanda mawanga. Apongozi atamwalira ndinatulutsa chithunzi chija ndekha, n'kupereka kwa amayi okonza maliro. Anachiika pachifuwa, n'kukulunga nsalu. Anthu anandiyamikira kuti ndine mkamwini waulemu. Ndinanyadira.

Zaka zinapita. Mudzafunsa kuti bwanji osapita kukasindikiza msanga. Amene anabwerera ku tchire ngati ife sangafunse zimenezo. Panali kuzula zitsa m'munda, kuumba njerwa, kuweta mbuzi kuyambira pa imodzi, kufolera tchalitchi. Malo osindikiza zithunzi anali ku Tete, ndipo msewu wathu mvula ikagwa suyendeka. Chinthu chimene ukuganiza kuti chili pabwino suchithamangira. Bungwe la mijigo linamaliza ntchito, linapita.

Rozalina anakula. Mnyamata wa ku Chipera anamufunsira, zonse zinayenda mwa dongosolo. Ukwati utayandikira ndinamufunsa chimene akufuna kwa ine.

"Ababa, za mbale ndi mapoto musavutike nazo," anatero. "Mundipatse amayi ndiwapachike m'nyumba mwanga. Nkhope yawo sindiikumbukira. Munkangoti ona, basi mwabisa."

Ndinamuuza kuti awapeza, aakulu kuposa mmene anawaonera. Ndinanena motsimikiza, pamaso pa azakhali ake.

Ndinamasula chitini, n'kupalasa njinga kupita ku Fingoe. Ku administrasau, ofesi ya boma, mlembi wina anaika disketi m'makina ake, n'kunena kuti chinthucho chikukana kutseguka. Ndinaganiza kuti ndi ulesi wa anthu a m'maofesi. Ndinasiya njinga kwa mnzanga, n'kukwera shapa, kabasi kopita ku Tete.

Ku Tete ndinapeza loja, sitolo yosindikiza zithunzi. Munali dona wina wovala magalasi, wodziwa ntchito yake. Anayesa njira iyi, anayesa ina, mpaka chithunzi chinayamba kutuluka kuchokera pamwamba. Inatuluka nsalu yoyera ija. Linatuluka duku, ndi mfundo yake mmene ankamangira. Kenako kamzere kakang'ono ka chipumi. Kuchokera pamenepo kutsika, panali potuwa ngati phulusa.

"Dikirani," ndinatero. "Akubwera."

"Zathera pomwepa, ababa."

Ndinamukalipira. Ndinati makina ake ndi akuda, apukute. Sanakwiye. Anapita nayo pa makina ena, zinatuluka chimodzimodzi. Ndinamuuza mmene ndinaisungira disketiyo, pulasitiki, chitini, denga. Anati akukhulupirira, disketi ilibe vuto lililonse, ili ngati yatsopano. Vuto ndi lakuti zimene zili m'katimo ndi zochepa. Chithunzi chachikulu chotere chimayenera kutenga malo ambiri, koma ichi chinatenga kamalo kakang'ono. Chinalowa chili choduka kuyambira tsiku loyamba.

Anandifunsa mmene chinalowera. Ndinafotokoza za makina awiri ndi chingwe. Anagwedeza mutu, n'kundifotokozera, ndipo ndilemba mmene ndinamvera.

Mu komputadolo chilichonse ndi manambala. Kalata ndi manambala, chithunzi ndi manambala. Koma makina amitundu yosiyana sawerenga manambalawo mofanana. Makina amtundu wa Bento, akauzidwa kuti akuwerenga kalata, ali ndi nambala ina imene akaipeza amati kalata yathera apa, n'kuleka. Pa chithunzi nambala yomweyo si mathero ayi, imangoimira mtundu wakuda. Pokopera chithunzi, munthu amayenera kuuza makina kuti ichi si kalata, nyamula nambala iliyonse mmene ilili mpaka kumapeto. Makina a Bento sanauzidwe. Anawerenga mkazi wanga ngati kalata. Nsalu yoyera inadutsa. Duku loyera linadutsa. Atafika pa khungu, pamthunzi wa m'munsi mwa duku, anapeza nambala ija n'kuima.

Ndinafunsa kuti nanga zotsalazo zili kuti.

"Sizinalowemo, ababa. Zinatsala m'makina oyamba aja. Ngati pepala lenileni muli nalo, bwerani nalo, ndikukonzerani lero lomwe."

Ndinangomuuza kuti asindikize zomwe zilipozo.

Nditabwerera ku Fingoe ndinamufunafuna Bento. Ndinamupeza pamsika akugulitsa petulo wa m'mabotolo kwa anyamata a njinga zamoto opita kokumba golide. Tsitsi linali litayera. Anandizindikira, n'kuyamba kuseka monga kale, mpaka nditamuonetsa pepala lija. Anakhala pansi pa chigubu, atagwira mutu.

Anati malipoti onse a ntchito ankawasamutsa mwanjira yomweyo tsiku ndi tsiku, ndipo ankafika athunthu. Sankadziwa kuti chithunzi chili ndi njira yake. Mzungu uja anapita kwawo ndi makina ake. Dziko la mzunguyo Bento ankalidziwa, koma mudzi ayi, ndipo ankakayika ngati makinawo alipobe.

"Pasiyensiya, pepani madala," anatero. "Ndinkati ndikukuthandizani."

Ndinapita ndi mkwiyo wokwanira kumenya munthu. Koma ndimenye yani? Munthu amene anandichitira chifundo? Makina amene ali kutsidya kwa nyanja? Ndinatenga njinga yanga n'kumapita.

Manda a apongozi sali kutali. Ndikaima pakhomo panga ndimaona mitengo yake. Nditafika kumudzi sindinalowe m'nyumba, ndinapita komweko n'kuima pafupi ndi mtumbira. Nkhope yonse inali pansi pamenepo, pafupi ndi mapazi anga. Ndinaganiza zimene Mkhristu sayenera kuganiza. Kenako ndinawauza a Zakariya zofukula mandawo. Iwo anati, "Alamu, ngakhale mudzi utalola, ndipo sungalole, mvula zonsezi mukuganiza mupezamo pepala?" Ankanena zoona.

Ndinamuitana Rozalina n'kumupatsa pepala lija. Ndinafotokoza za manambala mmene ndikanathera. Sanandidzudzule. Zikanakhala bwino akanandidzudzula. Anayang'ana nsalu, duku, kamzere ka chipumi. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka atamanga duku loyera la azakhali ake. Anaika pepala pafupi ndi mutu wake.

"Ababa, anthu amati ndinatengera amayi. Kuyambira apa kutsika, ndi ine?"

Ndinamuyang'ana. Ndinafunafuna nkhope ya amake m'mutu mwanga kuti ndiyerekeze. Ndinapeza kachipsera ka pachibwano. Ndinapeza mawu awo akuitana nkhuku. Koma mphuno, milomo, mmene maso anakhalira, sizinabwere. Zaka zonse zija sindinkadzivutitsa kukumbukira, poti ndinkati zili ku denga.

Ndinati eya, ndi iwe.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinanena zoona.

Pepalalo lili pakhoma m'nyumba mwake. Alendo amafunsa kuti n'chifukwa chiyani anapachika chithunzi cha duku. Iye amayankha kuti ndi amayi anga.

Tsopano mverani, inu owerenga, makamaka inu amene mukuika zithunzi za makolo anu ndi mawu awo m'makina ndi m'matelefoni. Munthu akakukoperani chinthu, musachoke musanachione chikutseguka kuchokera m'chimene wakupatsanicho. Mukatero, pitani nacho pa makina ena, amtundu wina, muchitsegulenso mpaka pansi. Funsani ngati kukula kwa chokopera kukufanana ndi kukula kwa choyamba. Ngati ndi chithunzi kapena mawu, muuzeni wokoperayo kuti si kalata, ngakhale akusekeni kuti mukumuphunzitsa ntchito. Musachite manyazi chifukwa sukulu yanu ndi yochepa. Ndipo choyambiriracho musachitaye, musachipereke, musachikwirire, kufikira mutagwira china m'manja n'kuchiona ndi maso anu.

Chinanso ndi ichi. Ngati muli ndi chithunzi cha munthu amene anapita, mpatseni mwana achigwire. Achidetse. Achiyang'ane mpaka atope. Ine changa ndinachisunga choyera, ndipo mwana wanga amawadziwa amake kuyambira pa duku kupita m'mwamba.